Mau a Akufa Asafe Kaciwiri

Alipo anthu ena ophunzira amene amati kusunga nyimbo zakale ndi nchito ya alesi, ndipo ndalama zonse zipite ku miseu ndi ku zipatala. Anthu otere alakwa kwakukuru. Mseu ukakumbika, aulambulanso caka camawa. Koma nkhalamba yodziwa mbiri ya Angoni ikaikidwa m'manda, palibe mfumu kapena boma limene lingathe kuiukitsa kuti inenenso.

Mlendo ndiye anayamba kuona cimene eni ace anacipeputsa. Hugh Tracey anayenda m'midzi ndi m'makomboni ndi makina ojambulira mau, ndipo mu 1957 anajambula nyimbo za anyamata a m'migodi ya ku Copperbelt. Mu 1954 iye anali atakhazikitsa kale nyumba yosungiramo nyimbo, International Library of African Music, imene mu 1978 inasamukira ku Rhodes University, mu mzinda wa Grahamstown umene tsopano auchula Makhanda. Cotero kalimba ya m'dziko lino ilira kufikira lero ku South Africa, pamene adzukulu a woyimbayo sanaimvepo. Kodi zimenezi si zocititsa manyazi?

Ku Lusaka nako nchito inagwiridwa. Wailesi yochipa ya Saucepan itafika mu 1949, Alick Nkhata ndi anzace anasonkhanitsa nyimbo zambiri za mitundu yosiyana-siyana kuti ziulutsidwe. Nkhata anaphedwa mu 1978 kufupi ndi Mkushi, koma mau ace akali moyo cifukwa anajambulidwa.

Tsono tepi si mwala. Kutentha ndi cinyontho zimaiononga, imacita cuku, imamatirira, ndipo makina oiliza asowa kale m'masitolo. Wosunga matepi m'cipinda codontha osawakopera m'kompyuta ali ngati munthu wokhoma nkhokwe bwino-bwino ciswe cili m'kati.

Mlandu sugwera maofesi okha. Mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu ali ndi foni m'thumba yojambula bwino koposa makina olemera a Tracey. Akhale pansi ndi ambuye ace, awafunse za mzera wa mafumu, za nyimbo za pamtondo ndi za cimtali. Alembe dzina la wonenayo, mudzi ndi tsiku, pakuti mau opanda mwini sathandiza wofufuza mbiri. Akatero akapereke zojambulazo kumalo kosungira zakale, cifukwa foni imatayika.

Akale anati mau a akulu akoma akagonera. Koma adzagonera kuti ngati palibe wowasunga?