Lamulo la masiku 90 lawathina oyenda pa njinga ku Ulaya

Alendo amene amazungulira maiko a ku Ulaya pa njinga kwa miyezi yambiri tsopano afunika kuwerenga masiku ao mosamala, pakuti bungwe la European Union lasintha kalembera wa anthu olowa ndi kutuluka m'cigawo ca Schengen.

Njira yatsopanoyi, yochedwa Entry/Exit System, inayamba pa 12 Okutobala 2025. M'malo modinda cidindo m'pasipoti, akuluakulu a pamalire amajambula nkhope ya mlendo ndi kutenga zidindo za zala zace, ndipo kompyuta ndiyo imasunga tsiku limene walowa ndi limene watuluka. Kale cidindo cinali kufufutika kapena kuiwalika, koma tsopano wopitiriza masiku adziwika msanga.

Lamulo lenilenilo silinasinthe. Mlendo wocokera kunja aloledwa kukhala masiku 90 okha m'masiku 180 alionse, ndipo maiko onse 29 a Schengen amawerengedwa ngati dziko limodzi. Tsiku lolowa ndi lotuluka nawonso amawerengedwa. Kudumpha malire usiku umodzi ndi kubwerera sikuthandiza, cifukwa tsiku lililonse amayang'ana masiku 180 a m'mbuyo. Munthu amene wakhala masiku 90 motsatizana afunika kukhala kunja masiku ena 90 asanabwerere.

Kwa woyenda pa ndege imeneyi ndi nthawi yokwanira, koma kwa wopalasa njinga ndi yocepa. Njira ya EuroVelo 6, yocokera ku nyanja ya Atlantic m'dziko la France kukafika ku Black Sea, ndi yotalika makilomita oposa 4,000. Wopalasa makilomita 50 pa tsiku angathe masiku oposa 80 pa njirayi, osawerengera opumula, odwala kapena okonzetsa njinga.

Cina cimene cawonjezera bvutoli ndi kukula kwa cigawoci. Croatia inalowa mu Schengen pa 1 Januwale 2023, ndipo Bulgaria ndi Romania anatsegula malire ao a pamtunda pa 1 Januwale 2025. Maiko atatuwa ndiwo anali kopumira, kumene apanjinga anali kudikira kuti masiku ao abwerere. Lero pa maiko khumi a EuroVelo 6, Serbia yokha ndiyo yatsala kunja. Ofuna kudikira amapita ku Serbia, Bosnia and Herzegovina, Montenegro, Albania kapena Turkey, kumenenso kuli malire a masiku ace. Nzika za Britain nazonso zakhala pansi pa lamuloli kuyambira mu Januwale 2021, dziko lao litacoka mu European Union.

Cilango ca wopitiriza masiku cimasiyana dziko ndi dziko: angalipitsidwe ndalama, kubwezedwa kwao, kapena kuletsedwa kulowanso kwa kanthawi. Wofuna kukhalitsa afunika kupempha visa ya nthawi yaitali ku dziko limodzi asananyamuke.

Kwa nzika za Zambia nkhaniyi imayambira patali, popeza pasipoti ya dziko lino ifunika visa ya Schengen. Malipiro ace anakwera kufika pa mayuro 90 mu Juni 2024, ndipo masiku olembedwa pa visayo angakhale ocepera 90. Ofesi ya kazembe imafunanso inshuwalansi ya cipatala ndi umboni wa kokagona, cinthu cobvuta kwa munthu amene amagona kumene dzuwa lamulowera.

Maboma ali ndi ufulu wodziwa amene ali m'maiko ao, ndipo kompyuta imacepetsa mikangano pamalire. Komabe lamuloli limayenerera alendo a masabata ocepa, osati oyenda pang'onopang'ono. Kufikira litasinthidwa, wapanjinga wanzeru ayenera kuyamba ndi kalendala asanatsegule mapu, ndi kusiyako masiku angapo a zogwa mwadzidzidzi.