Ulendo wa ku Jeddah: Mtunda Ndi Wautali, Nthawi Ndi Yochepa



Tsiku lina titaweruka ku madrasa, bambo wina wachikulire amene akukonzekera Hajj anandifunsa kuti, "Mwalimu, kodi kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Jeddah ndi mtunda wotani?" Funso limeneli ndi lofunika, chifukwa yankho lake likukhudza Ihraam.

Tikayeza molunjika, mtundawu ndi pafupifupi makilomita 4,000. Nyanja yathuyi kutalika kwake ndi makilomita 580, ndiye kuti mukanaiyala kasanu ndi kawiri ndi pamene mukanafika. Ndege zikuluzikulu zimathamanga makilomita pafupifupi 850 pa ola, choncho ulendo wosaima pena paliponse ungatenge maola asanu okha.

Koma ambiri amadzera ku Addis Ababa, likulu la dziko la Ethiopia. Kuchoka ku Lilongwe kukafika kumeneko ndi makilomita pafupifupi 2,600, maola osapitirira anayi ngati ndege siinaime panjira. Kuchoka ku Addis Ababa kupita ku Jeddah ndi makilomita 1,400, maola awiri ndi theka. Onjezerani nthawi yodikira ndege yachiwiri. Musaiwalenso kukankha wotchi yanu ndi ola limodzi, pakuti ikamakwana 12 koloko kuno, ku Addis Ababa ndi ku Jeddah imakhala 1 koloko.

Tsono mfundo yanga nayi. Mtumiki Muhammad (SAW) anaika malire otchedwa Miiqaat, amene munthu wopita ku Hajj kapena Umrah saloledwa kuwadutsa asanalowe mu Ihraam. Kwa ochokera chakummwera, malirewa ndi Yalamlam, malo amene ali kummwera kwa Makkah. Ndege imadutsa kufupi ndi malowa isanatere ku Jeddah.

Apaulendo akale, oyenda pa ngamira kapena pa chombo, amaima pa Miiqaat, kusamba ndi kuvala mosathamanga. Ndege siima. Pa mphindi imodzi yokha imadula makilomita 14. Mukati muyambe kufunafuna nsalu m'chikwama atalengeza kale, malirewo mwawasiya m'mbuyo. Ndipo ngati nsaluzo zili mu katundu wamkulu wa pansi pa ndege, mudzaziona mutatera. Masheikh ambiri amati munthu wotere abwerere ku Miiqaat kapena azinge mbuzi kapena nkhosa, ndalama imene sanaikonzekere.

Choncho bambo uja ndinamulangiza zitatu. Nsalu ziwiri zoyera zikhale m'chikwama cha m'manja. Azivale pa bwalo la ndege ku Addis Ababa. Niyyah ndi Talbiyah achite m'mwamba, kutatsala pang'ono kufika pa malire, osadikira kudzutsidwa. Amayi safunika nsalu zapadera, zovala zawo zodzilemekeza zikwanira, koma Niyyah ndi yomweyo.

Munthu amasunga ndalama zaka zambiri, kugulitsa usipa ndi mpunga, kuti akafike ku Nyumba ya Allah. Asalakwitse chifukwa cha mphindi imodzi ya tulo.

Allah atifewetsere ulendowu tonse. Aameen.