Maganizo a Mkonzi: Amene amadyerera pa nkhondo

Pa 17 Januwale 1961, Dwight Eisenhower, msilikali wamkulu amene anadzakhala mtsogoleri wa dziko la America, anatsanzika anthu ake ndi chenjezo lakuti chibale cha asilikali ndi makampani opanga zida chikukula mphamvu mopitirira muyeso. Mawuwo anangopita ndi mphepo.

Lero maiko amawononga ndalama zoposa madola 2 thililiyoni pachaka pa zankhondo. Makampani a zida amathira ndalama pa kampeni ya andale, ndipo akuluakulu awo amalowa m'boma. Mu 2021 Lloyd Austin anachoka mu bodi ya kampani ya zida ya Raytheon n'kukhala nduna ya zachitetezo ya America. Sitikuti makampaniwa ndiwo okha amayatsa nkhondo, ayi, koma amene akuwotha moto sathamangira kukatunga madzi ouzimira.

Mu Ogasiti 2018, pamsika wa Dahyan ku Yemen, bomba linagwera basi ya ana asukulu, ana 40 n'kumwalira. Zikwama zawo zabuluu zinali mbwee pansi, zitanyowa magazi. Bombalo linapangidwa ndi kampani ya zida ya Lockheed Martin, n'kugulitsidwa ku Saudi Arabia.

Ife tikuti amene anagulitsa bombalo ali ndi mlandu pamodzi ndi amene analiponya.