Mlimi sadya mbewu, ngakhale ku baraka ya ku Meponda

Munthu wa ku Chimbonila amaidziwa nsomba itafa kalekale. Imabwera pa njinga kapena pa mthuthuthu, ili m'dengu kapena m'katoni, youma gwa, ndipo pofika pa msika imakhala italawa fumbi la msewu wonse. Usipa wa pa thandala, utaka wowamba, mwa apo ndi apo chibenthu cha kampango chakuda bii ndi utsi, ndiwo za kumtunda nzimenezo. Chambo chachiwisi, chongovuulidwa kumene m'madzi, ana ambiri a kumeneko amangochimvera m'nkhani za akuluakulu.

Nchifukwa chake bambo wina wa m'deralo, mlimi wa mbatata ya kachewere ndi nyemba, adalonjeza mwana wake wamkazi kuti akadzakhoza mayeso otsiriza a ku pulayimale adzamtengera ku nyanja kukadya chambo chathunthu, mutu ndi mchira womwe. Mwanayo adakhozadi. Tsono Loweruka lina m'mwezi wa Disembala bamboyo adamasula kandalama kamene adasunga atagulitsa mbatata, natenga mwanayo pamodzi ndi amalume ake okalamba, amene paunyamata wawo ankatsikira ku nyanja wapansi kukasinthanitsa chimanga ndi nsomba.

Adakwera chapa mpaka ku Lichinga, nakwera galimoto ina ya ku Meponda. Kuchoka ku Lichinga kukafika ku Meponda pali mtunda wa makilomita pafupifupi 60, koma ulendo wake ngwotsetsereka zedi, poti Lichinga ili pamwamba mamita oposa 1,300 pamene nyanja ili pansi pa mamita 500. Munthu amanyamuka atavala juzi, nakafika atalipinda m'khwapa, thukuta lili kamukamu.

Baraka imene adalowamo njosavuta kuifotokoza: denga la udzu, mpanda wa bango, mipando ya pulasitiki itatitimira mumchenga, wailesi ikulira pa msomali. Pepala la zakudya palibe, chimene chatuluka m'madzi tsikulo ndicho chakudya. Kuseri kunkamveka fungo la makala ndi mafuta, ndipo kutsogolo, mapazi ochepa chabe, kunali mabwato atagona pa mchenga ndi maukonde atayanikidwa. Mwana uja sadakhale pansi msanga. Adangoima kukamwa kuli yasa, kuyang'ana madzi opanda tsidya.

"Takulandirani bambo, takulandirani agogo. Mwatsika bwanji kumtundako?" adatero mayi mwini baraka akubwera ndi beseni ndi jagi ya madzi osamba m'manja.

"Tatsika bwino mayi. Ife tadzera chambo. Chachikulu, choti mutu uzisuzumira kunja kwa mbale."

Mayiyo adaseka, koma kuseka kwake sikudafike m'maso. "Chambo chotero, bambo, papita masiku ndisanachigwire m'manja. Chikapezeka, ogula a ku tauni amachilanda bwato lisanagunde mchenga. Lero ndili ndi kampango, ndili ndi utaka wa m'mawa uno. Komanso tilipo tichambo tating'ono, totsika mtengo. Ndikakazinga timakoma kwabasi."

Adabweretsa beseni kuti alendowo aone okha. M'menemo mudali tinsomba tosapitirira chikhatho cha mwana wasukulu uja. Mkulu uja adatola kamodzi, nakatembenuza, nakabwezera.

"Mayi, uyu si kasawala uyu?"

Adalidi kasawala, mwana wa chambo. Ndipo apa mpamene pali nkhani. Chambo sichiswana mwachisawawa ngati usipa. Nyengo yoswana ikafika, chachimuna chimakumba chisa mumchenga pansi pa madzi, chachikazi chimaikira mazira nkuwatola kuwasunga m'kamwa. Ana akaswa amakhalabe m'kamwa mwa mayi wawo mpaka atalimba, kenaka amakawalavulira m'madzi osaya a m'mphepete, m'mabango ndi m'maudzu, momwe amakuliramo. Kuti kamwana kotero kafike poswa nakonso pamatenga zaka ngati zitatu. Tsono m'madzi osayawo ndi momwenso mumadutsa khoka la maso ang'onoang'ono, ndi momwenso mumadutsa masikito amene achipatala amagawa kuti ateteze ana ku malungo. Ukonde wotero susankha, umakokolola chilichonse.

Bambo uja adayang'ana beseni, nayang'ana mwana wake, nagwira m'thumba. Kunena zoona mayesero adalipo. Mtengo udali wabwino, dzina lidali lomwelo la chambo, ndipo lonjezo likadakwaniritsidwa popanda wotsutsa. Adatsala pang'ono kuti mayi kazingani, koma amalume ake adayamba ndiwo kulankhula.

"Mphwanga, njala ikakuvuta mu Febuluwale, mbatata ya mbewu ija umasunga pa tsindwi umaiphika?"

"Iyayi amalume, imeneyo ngakhale ana amadziwa kuti sagwira."

"Nanga mbewu ya anzako ukufuna kuidyeranji?"

Pa baraka padati zii, wailesi yokha ndiyo inkalankhula. Mayi uja sadakwiye, koma naye adali ndi mawu ake. "Agogo, mwanena zoona, ndipo ine ndidabadwira pano, ndikudziwa. Koma ndikakana kugula kasawalayu, agula mnzanga wa baraka inayo, anthu nkukadya kumeneko. Madzulo ana anga ndiwauza kuti chiyani? Wokoka khokayo nayenso ali ndi ana. Akapita pakati pa nyanja amabwerako chimanjamanja, ndiye atani?"

Mawu a mayiyu sayenera kupeputsidwa. Nkosavuta kwa munthu wokhuta kuloza chala msodzi waumphawi. Koma unyolo wake uyenera kuonedwa bwino. Msodzi amakoka kasawala chifukwa mwini baraka agula. Mwini baraka amagula chifukwa wakudya afuna. Pa anthu atatuwa, amene sagona ndi njala akanena kuti ayi ndi mmodzi yekha, wokhala pa mpando wa pulasitiki uja, amene wabwera kudzasangalala. Ndalama yake ndiyo imakoka chingwe cha khoka, ngakhale iye mwini sadanyowe ndi phazi lomwe.

Kumene njira imeneyi imathera kukudziwika, poti anansi a ku Malawi adafikako kale. Nyanja ya Malombe, kumunsi kwa Mangochi, idali nkhokwe ya chambo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990 chambo cha kumeneko chidatha ngati maloto, kaamba ka maukonde a maso ang'onoang'ono amene ankakokolola ana ndi kuzula udzu wa pansi pa madzi momwe anawo amabisala. Mu 1993 boma la Malawi lidayamba kukhazikitsa makomiti a m'madooko kuti asodzi eni ake azilondera nyanja, koma madzi adali atatayika kale, ndipo kuwaola kwakhala kovuta. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba zamoyo zomwe zili pangozi pa dziko lonse, lidaika mitundu ya chambo m'gulu la zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Koma anansi omwewo ali ndi chitsanzo china. Pa chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, mfumu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa pa chilumbapo. Nsomba zimapeza mpata woswana ndi kukula, ndipo tsiku lotsegula kumakhala chikondwerero. Lamulolo lidachokera kwa eni madzi, nchifukwa chake lidagwira.

Mbali ya Mozambique nayo siili chimanjamanja. Mu 2011 boma lidalengeza kuti chigawo chake cha nyanja ya Niassa ndi malo otetezedwa, ndipo m'madooko muli makomiti a asodzi, aja amatchedwa CCP, amene ntchito yawo ndi kuletsa maukonde oononga. Komabe komiti singakhale pa baraka iliyonse kusuzumira m'chiwaya. Pa tebulo mlonda ndi wakudya yemweyo.

Bambo uja adapumira m'mwamba. "Mayi, tiotchereni kampangoyo. Utakanso mukazingeko, mwanayu alawe nsomba imene sidaone dzuwa."

Chakudya chitabwera, mkangano udaiwalika. Kampango adamng'amba pakati, namuotcha pa makala mpaka khungu lidachita matuza, mafuta akudontha. Pambali padali msuzi wa matimati ndi anyezi, tsabola wosinja ndi ndimu yodula pakati. Nsima zidali ziwiri, ya ufa woyera ndi kondoole wa chinangwa, poti mayiyo adati munthu sangafike ku nyanja nkubwerera osalawa nsima ya eni ake. Mwana uja kondoole adalimbana naye, akukakamira ku zala, onse nkumaseka. Utaka adautafuna ndi minga yomwe. Mutu wa kampango udapita kwa agogo monga mwa mwambo, ndipo adautsopa mwakachetechete mpaka padatsala mafupa oyera mbee.

Nkhani ikadakoma ikadathera pamenepa, koma siidathere apa. Akusamba m'manja, padaima galimoto ya anyamata anayi ochokera ku tauni. Adafunsa chambo, adaonetsedwa beseni lomwe lija, ndipo osafunsa kalikonse adati likazingidwe lonse. Mayi uja adalinyamula kupita nalo kuseri osayang'ana kumene kudakhala agogo. Kukana kwa banja limodzi sikudapulumutse kansomba nkamodzi komwe tsiku limenelo. Koma mayiyo adamva ndi makutu ake kuti alipo wogula amene amabweza kasawala, ndipo akadzamva kachiwiri, kachisanu, kakhumi, tsiku lina adzauza wokoka khoka kuti katundu ameneyu sayenda malonda. Nthawi ya tchuthi anthu a ku Chimbonila ndi ku Lichinga amatsikira ku Meponda, ku Metangula ndi ku Chuanga mwaunyinji. Aliyense atati azisuzumira m'beseni asanaitanitse, mawu amenewo sangachedwe kufika ku dooko.

Pokwera chitunda madzulo, mphepo ya kumtunda itayamba kulowa pa zenera, mwana uja adakoka malaya a bambo ake.

"Ababa, komatu chambo chija sindidadye."

"Ndikudziwa mwanawe. Imeneyo ndi ngongole. Ukadzamaliza sekondale tidzabweranso."

Agogo adaseka chamumtima, nawerenga zaka pa zala zawo. Adati zikwana, bola eni nyanja ndi alendo awo asiye mbewu m'madzi.