Mimba Yotupa Si Ufiti, Chiwindi Chiyezedwe

Ku Santhe, monganso m'madera ena olima fodya m'boma la Kasungu, kuli bodza limene tiyenera kulithetsa msanga. Mlimi akagulitsa bwino fodya wake ku Chinkhoma, kenaka mimba nkuyamba kutupa, miyendo nkudzaza madzi, maso nkuchita chikasu, abale amathamangira kunena kuti wanjiru wamulodza. Ndalama zimathera kwa asing'anga, nkhalamba yosalakwa imalozedwa chala, ndipo wodwalayo amafika kuchipatala atayamba kale kusanza magazi.

Anthu ofalitsa bodza limeneli ndi adani a chitukuko. Chimene chikupha alimi athuwa ndi zipsera za m'chiwindi. Chiwindi chikamavulazidwa zaka zambiri chimauma ndi kukwinyika, magazi amalephera kudutsamo bwino, madzi amadzaza m'mimba, ndipo mitsempha ya kum'mero imatha kuphulika.

Kachasu ali ndi mlandu waukulu, makamaka nyengo ya msika pamene ndalama zili m'thumba. Koma alipo ena, ngakhale pakati pa ogwira ntchito m'Boma, amene amaseka nanena kuti ndi matenda a zidakwa basi. Amenewanso akusocheretsa anthu. Kachirombo ka hepatitis B kamakhala m'thupi mwakachetechete kuyambira paubwana, ndipo katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko muno m'chaka cha 2002. Onse obadwa chakacho chisanafike sanaulandire ali akhanda, ndipo ndi omwewo amene ali m'minda ndi m'zigafa lero. Likodzo la m'matumbo, lotengedwa m'madzi a m'madambo, nalonso limasiya zipsera. Chuku cha pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimawonjezera ngozi ya khansa ya chiwindi.

Kodi mankhwala palibe? Alipo! Tenofovir, amene alinso m'gulu la ma ARV, amafooketsa kachirombo ka hepatitis B, ndipo munthu akamamwa mokhulupirika zaka zingapo zipsera zimatha kuchepa. Praziquantel amapha likodzo. Pa kuyeza, magazi pang'ono amakwanira kuwerengetsa chimene madokotala amachitcha APRI, ndipo m'chaka cha 2024 bungwe la WHO linafewetsa malamulo kuti anthu ambiri ayambe mankhwala chiwindi chisanaume. Amene zipsera zakhazikika kale ayenera kuleka mowa kotheratu, kuchepetsa mchere, ndi kuunikidwa m'mimba miyezi 6 iliyonse.

Tsono apampando a nthambi za Chipani, mafumu ndi alangizi a zaumoyo, mukudikira chiyani? Pamsonkhano uliwonse wa kalabu ya fodya nkhaniyi inenedwe poyera. Eni maesiteti apereke tsiku kwa antchito awo kuti akayezedwe magazi, osawadula malipiro. Ndipo mfumu ikamva kuti m'mudzi mwake muli wotupa mimba, isakhazike bwalo la ufiti; ipeze njinga kapena ngolo yomutengera kuchipatala cha Santhe tsiku lomwelo.