"Kompyuta Yakana" Si Yankho Loyenera Mlimi

Pali chizolowezi choipa chimene chikumera m'maofesi a ngongole, ndipo chiyenera kuzulidwa chisanazike mizu. Mlimi wa mbatata ya kachewere alawirira ku Bembeke kudzapempha ngongole ya feteleza pa boma la Dedza, kalaliki ayang'ana pa kompyuta nangoti, "Pepani bambo, mbiri yanu ya ngongole njoipa." Nkhani yathera pomwepo. Kodi mbiriyo anailemba ndani? Nanga mwini wake anaionapo?

Palibe akutsutsa zoti wobwereketsa ayenera kudziwa munthu amene akumpatsa ndalama. M'zaka za m'ma 1980 makalabu a alimi ankabweza ngongole pafupifupi yonse, pakuti mamembala ankadziwana, ndipo mmodzi akalephera kalabu yonse inkamanidwa chaka chotsatira, ngakhale kuti mantha olandidwa katundu analiponso. Chilala cha 1992 pamodzi ndi ndale za masiku amenewo zitagwetsa bungwe la SACA, dongosolo lija linatha. M'chaka cha 2010 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la mabungwe osunga mbiri ya ngongole, amene amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Cholinga chake nchabwino.

Komatu mbiri imathandiza pokhapokha ikakhala ya munthu weniweniyo. Umboni wake unapezeka kumudzi konkuno. M'nyengo ya ulimi ya 2007 mpaka 2008, akatswiri ogwira ntchito ndi Malawi Rural Finance Company anadinditsa zala alimi a paprika a ku Dedza, Dowa, Mchinji ndi Kasungu popereka ngongole. Alimi amene ankakayikiridwa kwambiri aja anayamba kubwereka zochepa nabweza bwino, chifukwa anadziwa kuti sangabisale m'dzina la wina. Tsono chiphaso cha unzika chinabwera mu 2017. Ngongole zakale zinalembedwa ndi maina okha, m'dziko limene a Phiri ndi a Banda ali mbwee. Nchosavuta kuti munthu wosalakwa asenze ngongole ya mnzake wofanana naye dzina.

Amene amati makina salakwa amve izi. Ku America, kumene makampani a makhadi a ngongole amaonetsa makasitomala nambala ya kukhulupirika kwao, nambalayo kawirikawiri imasiyana ndi imene banki imayang'ana pobwereketsa. Ndiponso mu 2013 bungwe la boma la Federal Trade Commission linalengeza kuti munthu mmodzi mwa asanu alionse anali ndi cholakwika m'mbiri yake ya ngongole. Ngati zili choncho kwa eni ake makinawo, nanga kuli bwanji ku Linthipe ndi ku Lobi, kumene lisiti limasungidwa m'jumbo pansi pa mphasa?

Kalaliki wobisala kumbuyo kwa kompyuta ndi waulesi, ndipo ulesi wake umalipiridwa ndi banja la mlimi pa nthawi yokolola. Munthu akamanidwa ngongole apatsidwe pepala lonena ngongole imene akumunenera, chaka chake ndi ofesi imene inalemba. Akabwera ndi lisiti lake, cholakwikacho chikonzedwe msanga, mvula ya mu Novembala isanagwe, osati mu Febuluwale pamene mbatata ya anzake yayamba kale kuchita maluwa.