Ndale Zinandipeza M'mbale

Tsiku lomwe ndinkanyamuka kubwera kukoleji, amayi anandipatsa thumba la ufa, nyemba pang'ono ndi langizo limodzi: "Mwanawe, kumeneko wapitira sukulu. Za ndale uzitalikire." Ndinavomera, ndipo mpaka lero sindinganene kuti analakwa. Amakumbukira Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic amene anapezeka atafa pa 24 Sepitembala 2011. Apolisi anati anadzipha, koma bungwe lofufuza lomwe linakhazikitsidwa mu 2012 linapeza kuti anachita kuphedwa. Kholo liti lingamve zimenezi n'kugona tulo?

Chichewa chathunso chili kumbali ya amayi. Kutchera ndale ndiko kupinga mnzako mwendo kuti agwe. Mawu omwewa ndi amene tinawasankha kuti atchule ntchito yoyendetsa dziko. N'chifukwa chake munthu akati "amene uja ndi wandale," sakumuyamikira ayi.

Komabe ine ndikuti wophunzira sangazithawe ndale. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse. Mwini nyumba yomwe timachita lendi anthu anayi anakweza mtengo mwezi wotsatira. Nyama ya soya, imene tinkainyoza, inasanduka ndiwo ya pa Sabata. Ndinayamba kudya kamodzi patsiku, ndipo phunziro la fonoloje la 2 koloko masana ndinkalimvera kutali ngati wailesi ya kwa aneba. Mnzanga wina analongedza katundu n'kubwerera kumudzi, ngakhale ankatiposa tonse m'kalasi. Sindinapite kokafuna ndale ine, zinandipeza m'mbale.

Amene amati wophunzira azingowerenga amaiwala mbiri. Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992, ophunzira a ku Chancellor College anaguba ku Zomba kugwirizana nayo, pa nthawi imene akuluakulu ambiri ankangonong'ona. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha zipani zambiri. Mu 2011, Dr Blessings Chinsinga ataitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha zomwe anaphunzitsa m'kalasi, maphunziro anaima kwa miyezi yambiri pomenyera ufulu wophunzitsa mopanda mantha. Ufulu umene ndikulembera nkhani inowu unagulidwa motero.

Pali china chomwe chimandichititsa manyazi, ndipo ndichinene. Tsiku lina kunabwera lole yotenga ophunzira kupita kumsonkhano wa chipani. Ndinakwera. Ndinavala malaya awo, ndinaimba mpaka mawu kusasa, ndipo madzulo anatipatsa K5,000 aliyense. Ndinagula shuga ndi sopo, yotsalayo n'kujambulitsira manotsi. Zomwe mtsogoleriyo analankhula sindikukumbukira ngakhale chimodzi. Tinalipo ambiri, ena mwa ife odziwa bwino kusanthula mawu m'ndakatulo, koma palibe anafunsa tanthauzo la lonjezo lililonse. Apo ndiye anatitchera ndale zenizeni, ndipo tinagwa tikuseka.

Njala ndi yomwe inandikweza loleyo, ndiye sindingaweruze anzanga amene akukwerabe. Chomwe ndikukana n'chakuti kuomba m'manja kolipidwa kuzitchedwa kumenyera ufulu. Ophunzira a 1992 sanalandire kanthu, ndipo akanatha kutaya zonse. Ife tili ndi ufulu wofunsa kuti ngongole za ophunzira zimaperekedwa motani, ndiponso chifukwa chake malo ogona ndi ochepa chotere, koma timaugulitsa pamtengo wa paketi ya shuga ndi sopo.

Sabata yatha tinalemba kalata yodandaula za malo ogona. Anthu ambiri anaiyamikira, koma pofika posaina anayamba kukumbukira kuti ali ndi mayeso. Tinasaina anthu 11. Dzina langa ndi lachitatu. Amayi anaimba foni Lamlungu kufunsa ngati ufa ulipo. Ndinawauza kuti watsala wa masiku anayi. Za kalatayo sindinawauze.